Chixhosa kapena Chijava: wolankhula Chichewa ayambire pati?

Mutatenga munthu wa ku Dedza kapena ku Chipata, n'kumutsegulira wailesi ya Chixhosa cha ku South Africa mphindi imodzi kenako ya Chijava cha ku Indonesia mphindi inanso, ndiye mumufunse kuti chosavuta kuphunzira n'chiti, adzaloza Chijava asanaganize n'komwe. Chimamveka chofewa, lilime silichita kulira, ndipo mawu monga "turu", "sega" ndi "bocah" akhoza kuwabwereza nthawi yomweyo. Chixhosa chimamuthawitsa ndi dzina lake lomwe, poti kuti utchule "isiXhosa" uyenera kuliza lilime m'mbali mwa tsaya. Koma khutu limanamiza pa nkhaniyi. Kuvuta kwa Chixhosa kuli pakhomo penipeni, ukangolowa umapeza kuti uli kwa achibale. Chijava chimakulandira bwino pakhomo, ntchito yeniyeni n'kukudikira m'kati.

Chixhosa ndinachiphunzira chifukwa chosowa pothawira, pa zaka zomwe ndinkachita lendi ku Philippi, mu mzinda wa Cape Town. Chijava ndinachita kuchifuna ndekha nditazolowerana ndi anyamata a ku Tegal, mzinda wa pa chilumba cha Java ku Indonesia, ogwira ntchito m'sitima za usodzi zomwe zimakocheza padoko la mzindawu. Zonse ziwiri ndimazikonda, koma sindingazipereke kwa munthu mofanana.

Tiyambe ndi kukula kwake. Kalembera wa ku South Africa wa mu 2022 anapeza kuti anthu pafupifupi 16 pa 100 alionse amalankhula Chixhosa pakhomo, kutanthauza anthu pafupifupi 10 miliyoni, ndipo chimaposedwa ndi Chizulu chokha. Kwawo kwenikweni ndi ku Eastern Cape, koma chadzazanso Khayelitsha, Gugulethu, Langa ndi Nyanga ku Cape Town. Ndi chimodzi mwa zilankhulo 12 zovomerezeka ndi boma la dzikolo, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anachiika pa mndandanda wa zilankhulo 16, pomwe palinso Chichewa chathu. Chijava ndi chachikulu kutalitali. Kalembera wa ku Indonesia wa mu 2010 anawerenga anthu pafupifupi 68 miliyoni ochilankhula pakhomo, kuposa anthu onse a ku South Africa. Komabe si chilankhulo cha boma la Indonesia. Achinyamata omwe anasonkhana pa 28 Okutobala 1928 analumbira kuti dziko lawo lidzagwirizana pa chilankhulo chimodzi, Bahasa Indonesia, chochokera ku Chimalay, ndipo Ajava, omwe ndi mtundu waukulu koposa m'dzikomo, anavomera. Nkhani imeneyi ndi yomwe imasintha masamu onse a munthu wofuna kuphunzira, ndipo tibwererako.

Ubale wa Chixhosa ndi Chichewa

Tamvani chiganizo ichi: "Umntwana wam uyalila." Simunalowepo m'kalasi ya Chixhosa, koma mwamva kale kuti mwana wanga akulira. Ana akachuluka, "abantwana bam bayalila". "Ndifuna amanzi" ndi ndikufuna madzi. Inyama, imvula, inyoka, umlomo, imbewu, ukulima, ukufika, ukufa, ukupheka: mukangochotsa liwu loyambirira, mwatsala pang'ono kufika kwanu. Zilankhulo ziwirizi ndi za banja limodzi la Bantu, ndipo zimene zimalizitsa Mngerezi pophunzira Chixhosa, monga magulu a mayina ndi agwirizanitsi, ifeyo tinayamwira. Isi- ndi izi- ndi chi- ndi zi- wathu. Ubuntu ndi umunthu. Monga timatenga gula n'kupanga gulitsa, iwo amatenga thenga n'kupanga thengisa. Phikira ndi phekela, kondana ndi thandana. Ngakhale kukweza ndi kutsitsa mawu kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika kuliko m'Chixhosa, ndiye khutu lathu silidabwa nako.

Ubalewu uli ndi mbiri yake kwathu kuno. Mu 1876 anyamata anayi ochokera ku sukulu ya Lovedale ku Eastern Cape anabwera kudzathandiza mishoni ya Livingstonia. Mmodzi mwa iwo, William Koyi, ndi amene anatsegula njira kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, chifukwa Chixhosa chake chinkamvana ndi Chingoni cha anthu omwe makolo awo anawoloka Zambezi mu 1835. Anamwalirira ku Njuyu, m'boma la Mzimba, mu 1886.

Pali misampha ndithu, ndipo ina imabwera chifukwa cha ubale womwewo. Mayi omwe ndinkakhala kuseri kwa nyumba yawo anandiuza tsiku lina madzulo, mphepo ya kunyanja ikuwomba, kuti "Vala ucango, mntanam." Ndinaima kaye, chifukwa ndinali nditavala kale juzi. Iwo ankatanthauza kuti nditseke chitseko. Ukuvala ndi kutseka, ukuvula ndi kutsegula. Ndaonanso mnyamata wongofika kumene akuuza mwini kagolosale kuti "ndiyagula" akuloza buledi, mwiniyo n'kumuyang'ana mwachisoni, poti m'Chixhosa ukugula ndi kudwala. Zoterezi ndi zochepa, umazigwira m'mwezi woyamba. Zimene zimatenga nthawi ndi zina. Ife timanena ku, pa ndi mu, iwo amakulunga dzina mbali zonse: amanzi limakhala emanzini, isikolo limakhala esikolweni. "Ndi" wathu sasintha, kaya tikuti ndi munthu kapena ndi galu, pomwe iwo amati ngumntu, yinja, lilitye, gulu lililonse ndi njira yake. Ndiponso mneni amasintha maonekedwe wina akachitiridwa chinthu: bamba limakhala banjwa, thuma limakhala thunywa.

Tsono kuliza lilime kuja. Maliwu amenewa Axhosa anawatengera kwa Akhoi ndi Asan omwe anakhala nawo moyandikana ndi kukwatirana nawo kwa zaka mazanamazana. Alipo a mitundu itatu. C ndi kutsonya kwathu kuja, nsonga ya lilime kuseri kwa mano akutsogolo: "ndicela amanzi", ndikupempha madzi. X amatulukira m'mbali mwa lilime, monga amachitira woyendetsa ngolo pofulumizitsa abulu: "uxolo", pepani. Q ndiye wamphamvu, lilime limamatira kumwamba kwa m'kamwa n'kugwa ndi phokoso ngati chotsekera botolo chazuka: "iqanda", dzira. Kuwatulutsa paokha si nkhani, mwana aliyense amatha. Ntchito ili pa kuliza lilime ndi kutulutsa liwu lotsatira popanda kupuma pakati, kenako kuwonjeza mpweya, mphuno kapena kulemera kwa mawu, monga mu Gqeberha, dzina lomwe mzinda wa Port Elizabeth unapatsidwa mu 2021, kapena umngqusho, chakudya cha chimanga chokonola ndi nyemba. Ine q anandivuta miyezi ingapo. Chomwe chinandithandiza n'kuyamba ndi mawu amene liwulo lili pakati, monga iqanda, chifukwa liwu loyambirira limakupatsa poponda. Musaiwalenso hl ndi dl, omwe anthu ambiri sawatchula pochenjeza anzawo, koma amamugwira mlendo msanga kuposa q.

Chijava: khomo lotseguka, nyumba ya zipinda zambiri

Chijava ndi cha banja lina kotheratu, la Austronesia, lomwe lafalikira kuchokera ku zilumba za Pacific mpaka ku Madagascar, tsidya lina la nyanja kuchokera ku Mozambique. Zitatu m'Chijava ndi telu, m'chilankhulo cha ku Madagascar ndi telo. Ndi Chichewa palibe ubale, liwu lililonse muyenera kuliloweza kuyambira pansi.

Chimakupepukirani pa zinthu zingapo. Mulibe magulu a mayina, mulibe agwirizanitsi, kukweza kapena kutsitsa mawu sikusintha tanthauzo. Mneni sasintha ndi nthawi, mumangoika kaliwu patsogolo: "aku wis mangan" ndadya kale, "aku lagi mangan" ndikudya, "aku arep mangan" ndidya, "aku durung mangan" sindinadyebe. Kubwereza mawu kumene timachita ife mu kuyendayenda kuliko: mlaku ndi kuyenda, mlaku-mlaku ndi kuwongola miyendo. Chofunika kusamala pa katchulidwe n'chakuti ku Yogyakarta ndi ku Solo, mizinda ya pakati pa Java, a wakumapeto amamveka ngati o, kotero sega, mpunga wophika, amati sego, pomwe anthu a ku Tegal ndi ku Banyumas amamusiya a momwe alili. Ndiye sabata ziwiri zokha mukhoza kumacheza za chakudya ndi za ntchito, n'kumadziona ngati mwafika.

Zimene mwaphunzirazo ndi ngoko, kalankhulidwe ka pakati pa anzako, ka kwa ana ndi ka mumtima. Pamwamba pake pali krama, kalankhulidwe ka ulemu, ndipo pakati pali madya. Taonani funso limodzi lomweli. Kwa mnzako: "Kowe arep mangan apa?" Kwa munthu wamkulu: "Panjenengan badhe dhahar menapa?" Onse akutanthauza kufunsa chomwe munthu akufuna kudya, koma palibe liwu ngakhale limodzi lomwe latsala. M'Chichewa timangosintha "ukufuna" kukhala "mukufuna", kudya kumakhalabe kudya. M'Chijava nyumba ndi omah, griya kapena dalem. Kugona ndi turu, tilem kapena sare. Kupita ndi lunga, kesah kapena tindak. Ngakhale kuwerenga kumasintha: siji, loro, telu kwa mnzako, setunggal, kalih, tiga kwa wamkulu. Inde ndi iya kapena inggih, ayi ndi ora kapena mboten.

Ndipo kuloweza mawuwo n'kochepa, chachikulu n'kudziwa mwini wake wa liwu lililonse. Mmodzi mwa anyamata a ku Tegal aja anandionetsa ndi mbale yake ya mpunga. Analoza mbaleyo n'kudziloza, nati "kula nedha". Analoza kumwamba pang'ono, ngati kuti bambo ake akhala pampando, nati "Bapak dhahar". Kenako anatsitsa dzanja kufika m'chiuno, msinkhu wa mng'ono wake, nati "adhik mangan". Nditayesa kunena "kula dhahar", poganiza kuti ndikusankha liwu laulemu koposa, anapukusa mutu mwamphamvu. Dhahar ndi la krama inggil, mawu okwezera munthu wina, ndipo wodzinenera yekha wadzikweza pamaso pa amene amafuna kuwalemekeza. Zili ngati munthu wodzitchula yekha kuti "ife abwana tafika" pamaso pa apongozi ake. Ajava amanena za mwana amene sanadziwe zimenezi kuti "durung Jawa", sanakhale Mjava.

Pano Mchewa ali ndi mwayi umene Mzungu alibe. Tinakula tikudziwa kuti wamkulu sitimunena iwe, kuti dzina la munthu limayamba ndi a, kuti mfumu siifa koma imagona. Mtima wa ulemu woterewu tili nawo kale, chotsala n'kuusenzetsa mawu mazana angapo. Chodabwitsa n'chakuti pa mbali iyi Chixhosa, m'bale wathu uja, ndi chimene chimatigwedeza. Kumva mwana akufunsa gogo kuti "Unjani, makhulu?", ndi u wa iwe, kunkandipweteka m'khutu masiku oyamba. Ulemu wawo uli pena: pa tata, mama, bhuti, sisi, pa kupereka moni wa "Molweni" usanapemphe kanthu, ndi pa isiduko, chiwongo cha munthu. Kumutchula munthu ndi isiduko chake, monga dziko lonse linkatchulira Nelson Mandela kuti Madiba, kuli ngati kumuthokoza munthu kuti zikomo Phiri, zikomo Nabanda. Palinso mwambo wa isihlonipho, woti mkazi wokwatiwa apewe maphatikizo a m'dzina la apongozi ake aamuna n'kupeza mawu ena m'malo mwake, koma mlendo sayembekezeredwa kuutsata, ndipo m'tauni ukuchepa.

Pa zolemba ndidutsapo msanga. Chixhosa chimalembedwa ndi zilembo zomwezi. Chinayamba kusindikizidwa mu 1823, Baibulo lonse linatuluka mu 1859, ndipo John Tengo Jabavu anayambitsa nyuzipepala ya Imvo Zabantsundu mu 1884. Chijava chinayamba kulembedwa kale kwambiri, mwala wakale koposa wolembedwa m'Chijava ndi wa chaka cha 804. Chili ndi zilembo zakezake 20 zotchedwa hanacaraka, zomwe sizisiya mpata pakati pa mawu, komanso pegon, kalembedwe ka zilembo za Chiarabu ka m'sukulu za Chisilamu. Musaope, masiku ano pafupifupi aliyense amalemba ndi zilembo zathuzi, ngakhale magazini ya Panjebar Semangat ya ku Surabaya, yomwe inayamba mu 1933. Hanacaraka mudzaiona pa zikwangwani za misewu ku Yogyakarta ndi ku Solo, ndipo mukhoza kuisiyira mtsogolo.

Ndiye asankhe chiti ndani?

Amene akupita ku Cape Town, East London, Mthatha kapena Gqeberha kukagwira ntchito asatayenso nthawi, ayambe Chixhosa. Abale athu ambiri amasankha njira yongodalira Chingerezi, ndipo n'zoona kuti kuntchito chimakwanira. Koma minibasi, tchalitchi, maliro, mzere wa pachipatala ndi msonkhano wa m'dera zimayenda m'Chixhosa. Dzina lonyoza alendo lija, amakwerekwere, amati limatsanzira mmene chilankhulo chosamveka chimamvekera m'khutu mwa eni dera. Sindikunena kuti chilankhulo ndi chishango. Pa zipolowe za mu 2008 anavutika ngakhale anthu ochilankhula bwino, ndipo Chixhosa sichilowa m'malo mwa mapepala. Koma ndaona nkhope ya mayi wogulitsa nyama yowotcha ikumasuka atamva "Enkosi, mama, usale kakuhle", ndipo anansi amene umacheza nawo m'chilankhulo chawo ndi amene amakugogodera kukuchenjeza zinthu zikayamba kuipa. Njira yophunzirira ndi yotsika mtengo: wailesi ya Umhlobo Wenene, nyimbo za kutchalitchi, ana a pamalo omwe sachita manyazi kukukonza, ndi kabuku kolembamo mawu atsopano pambali pa anzake a Chichewa. Ngati ulendo ndi wa ku Johannesburg kapena Durban, yambani Chizulu. Ziwirizi zimamvana kwambiri, wodziwa chimodzi savutika ndi chinzake.

Amene wapeza mwayi wa sukulu kapena malonda ku Indonesia ndimamuuza zosiyana: asayambe ndi Chijava. Ayambe Bahasa Indonesia, chomwe ndi chilankhulo cha m'kalasi, cha ku banki, cha ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, ndipo chilibe masitepe a ngoko ndi krama. Aonenso bwino mapu, chifukwa si chilumba chonse cha Java chimene chimalankhula Chijava. Ku Bandung ndi madera ambiri a kumadzulo kuli Chisunda, ku Jakarta anthu amalankhula Bahasa Indonesia ya m'tauni. Chijava ndi cha pakati ndi kum'mawa: Semarang, Yogyakarta, Solo, Malang, Surabaya. Achinyamata ambiri a Chijava nawonso amathawira ku Bahasa Indonesia polankhula ndi wamkulu wosamudziwa, poopa kuphonya krama, ndiye mlendo akatero palibe womudzudzula.

Kwa amene wakhazikika kumeneko ndipo akufuna kulowa m'kati, funso limakhala lakuti ayambe ngoko kapena krama. Ena amati krama, poti sungalakwire munthu pomulemekeza mopitirira. Ena amati ngoko, poti ndiye tsinde, ndipo ndi imene udzaimva kwambiri. Ine ndili ndi achiwiriwa, koma ndi chenjezo. Phunzirani ngoko kuti muzimva komanso kucheza ndi a msinkhu wanu, lowezani mawu ochepa a krama ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga "matur nuwun" pothokoza, "nuwun sewu" podutsa pamaso pa anthu, "mangga" polandira kapena kupereka mpata, ndipo kwa akuluakulu zina zonse muzinena mu Bahasa Indonesia mpaka khutu litakhwima. Aliyense mumutchule Pak (bambo), Bu (mayi), Mas (achimwene) kapena Mbak (achemwali). Kunena "kowe", iwe wa ngoko, kwa gogo n'kulakwa kwakukulu kuposa kusadziwa Chijava n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali gulu lachitatu, la ophunzira za zilankhulo ndi ena ongokonda kudziwa. Kwa iwo ndimatembenuza uphungu wanga. Chixhosa chidzawaonetsa Chichewa chawo pagalasi, adzamvetsa chifukwa chake timati mwana wanga koma chinthu changa, ndipo phindu lidzabwera msanga. Chijava chidzawaonetsa kuti chilankhulo chingathe kumangidwa mwanjira ina kotheratu, kuti anthu angasiye mneni osamusintha ndi nthawi n'kuika luso lawo lonse pa kuyeza amene akulankhula naye. Chidzawatseguliranso wayang, masewero a zithunzi zachikopa ochezera usiku wonse, nyimbo za gamelan zoimbidwa ndi zida zazitsulo, ndi batik, luso lojambula nsalu ndi phula lomwe Adatchi analitsanzira m'mafakitale awo mpaka linafika pa zitenje zomwe amayi athu amazitcha za Java. Wofuna kutambasula maganizo asankhe Chijava, podziwa kuti walira mvula walira matope: mabuku ambiri abwino ophunzirira ali mu Bahasa Indonesia kapena Chidatchi, ndipo wolankhula naye kuno ndi wosowa.

Wina angadabwe kuti zilankhulo zotalikirana chonchi zikukumana bwanji pa tsamba limodzi. Ku Cape Town zinakumana kale. Kampani ya Adatchi yomwe inamanga malo ake kumeneko mu 1652 inali ndi likulu lake la ku Asia ku Batavia, Jakarta wa lero, ndipo inkabweretsa akapolo ndi andende a ndale kuchokera ku Java ndi zilumba zina. Ngakhale nthawi imeneyo chomwe chinkagwirizanitsa anthuwa chinali Chimalay, n'chifukwa chake nthochi mu Afrikaans ndi piesang, kuchokera ku pisang wa Chimalay, osati gedhang wa Chijava. Sheikh Yusuf wa ku Makassar, yemwe anamenyana ndi Adatchi ku Banten pa chilumba cha Java, anafika ku Cape ali wandende mu 1694 ndipo anamwalira mu 1699. Malo omwe anakhala amatchedwa Macassar mpaka lero, ndipo ali pafupi ndi Khayelitsha. Ndinapitako ndi anyamata awiri a ku Tegal aja tsiku lina sitima yawo ili padoko. Pa minibasi ine ndinkalankhula ndi dalaivala m'Chixhosa, iwo akunong'onezana mu ngoko kumbuyo. Titafika pa chiunda pomwe pali manda a Sheikh Yusuf, anavula nsapato, ndipo wamng'onoyo, asanadutse pamaso pa bambo wachikulire yemwe anakhala pakhomo, anawerama, natsitsa dzanja lamanja, nati "nuwun sewu".